Kuwerenga Thambo Muli Pakhomo Panu, Usana ndi Usiku

Agogo anga aakazi analibe wotchi, koma tsiku lopita kuchigayo sitinkachedwa. Ankatuluka panja kukadali mdima, kuyang'ana kum'mawa, n'kubwerera kudzatigwedeza pamphasa: "Dzukani, Nthanda yatuluka." Ife tinkangodziwa kuti tulo tathera pomwepo. Ndinakula osafunsa kuti Nthandayo n'chiyani, kapena chifukwa chake miyezi ina sinkaoneka m'mawa n'komwe. Pamene ndinkayamba kufunsa, agogowo n'kuti atatisiya. Ndiye ndinaphunzira thambo ndekha, pang'onopang'ono, ndipo njira imene ndinatsata ndi imene ndikukupatsani pano. Telesikopu iwalani kaye. Chofunika ndi malo amodzi, kope limodzi, ndi mtima wobwerera pamalo omwewo mawa ndi mkuja.

Choyamba: sankhani malo amodzi

Pezani poima pamene mukuona mbali yaikulu ya thambo: pabwalo, pachulu, kuseri kwa nkhokwe, pabwalo la mpira la kusukulu. Muikepo mwala kuti musamasinthesinthe. Mukaima pamwalapo, jambulani m'kope zonse zimene zazungulira kumapeto kwa maso anu: mtengo wa mango, denga la tchalitchi, phiri, mlongoti wa foni. Kujambula kokongola sikofunika.

M'mawa wotsatira onani pamene dzuwa latulukira, muchonge pachojambulacho n'kulemba tsiku. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata. Pakatha miyezi iwiri mudzaona kuti dzuwa silitulukira malo amodzi. Cha pa 21 Juni limakhala litasunthira kumpoto kwenikweni, cha pa 21 Disembala kum'mwera kwenikweni, ndipo limatulukira kum'mawa ndendende cha pa 20 Malichi ndi pa 23 Sepitembala basi. Kwathu m'nyengo yozizira linkatulukira kuseri kwa khola la mbuzi, pofika Khirisimasi linali litasamukira kumtengo wa mbawa wa kumanda.

Dzanja lanu ndiye muyezo. Mukatambasula mkono, kachala kakang'ono kamaphimba pafupifupi digiri imodzi ya thambo, nkhonya madigiri 10, chikhatho chotambasula madigiri 20. Kuchoka pansi kufika paliwombo ndi madigiri 90, nkhonya zisanu ndi zinayi.

Chachiwiri: zikani kamtengo

Iyi ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse za masana, ndipo ana saitopa nayo. Tengani ndodo yowongoka yotalika mita imodzi kuchoka pansi, muizike pamalo osalala, isapendeke. Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 2 koloko, ikani kamwala pansonga ya chithunzithunzi chake mphindi 15 zilizonse. Pamene chithunzithunzi chafupika kwambiri ndiye pakati pa usana penipeni, ndipo mzere wake walunjika kumpoto ndi kum'mwera. Mudzaona kuti kuno kwathu nthawi imeneyi imafika 12 koloko isanakwane, chifukwa dziko lathu lili kum'mawa kwa mzere umene mawotchi athu amatsata.

Ku Lilongwe, mu Juni, chithunzithunzi cha ndodo yotereyi chimaloza kum'mwera ndipo chimatalika masentimita pafupifupi 75. Mu Disembala chimatembenukira kumpoto, n'kufupika mpaka masentimita 17. Ndiye kuti pakati pa nyengo ziwirizi pali tsiku limene chimasoweratu, dzuwa lili pamutu penipeni. Zimachitika kawiri pa chaka. Ku Mzuzu ndi cha pa 23 Okutobala, ku Lilongwe cha kumapeto kwenikweni kwa Okutobala, ku Blantyre m'sabata yoyamba ya Novembala. Kenako zimabwereranso mu Febuluwale, kuyambira kum'mwera kupita kumpoto. Pa tsikulo imikani botolo pansi masana: chithunzithunzi chake chimabisala pansi pa botolo lomwelo. Achibale athu okhala ku Johannesburg kapena ku London zimenezi saziona, pakuti kumeneko dzuwa silifika pamutu chaka chonse.

Chachitatu: phunzirani mitambo

Mitambo imafuna kuiyang'ana kangapo pa tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo. Mu Novembala ndi Disembala onani timitambo toyera ngati thonje timene timayamba cha m'ma 9 koloko pamwamba pa mapiri, kaya Dedza, Zomba kapena Mulanje. Tikamangofalikira m'mbali, tsikulo likhoza kudutsa louma. Tikayamba kukwera m'mwamba, kutukumuka ngati mtanda wa mandasi, pansi pake n'kuda bii, pamwamba pake n'kuphwatalala ngati denga, anulani zovala ndi ufa. Mtambo wotere umatha kukwera makilomita oposa 12, ndipo pamwamba pakepo si madzi ayi, ndi timiyala ta madzi oundana.

Mukaona chiphaliwali, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, lowani m'nyumba. Musabisale pansi pa mtengo, musakhale pachulu chanu chija, ndipo ngati muli m'dimba kapena panyanja, chokaniko msanga. Kudziwa mitambo kusakuchititseni kunyozera machenjezo a azanyengo pawailesi. Namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023 amachokera kunyanja yaikulu, kutali kumene maso athu safika.

Utawaleza suvuta kuupeza mukadziwa lamulo lake: dzuwa likhale kumsana kwanu, mvula patsogolo panu, ndipo dzuwalo likhale lotsika, losapitirira nkhonya zinayi kuchoka pansi. N'chifukwa chake wa madzulo umakhala kum'mawa, wa m'mawa kumadzulo, ndipo masana enieni suoneka. Mukaona wachiwiri wozilala pamwamba pa woyambawo, yang'anitsitsani: mitundu yake yatembenuka, kufiira kuli m'kati.

Nthawi zina bwalo lalikulu limazungulira dzuwa kapena mwezi. Phimbani dzuwalo ndi denga la nyumba kapena thunthu la mtengo, muyeze: kuchoka pakati kufika pabwalolo ndi madigiri 22, chikhatho chimodzi ndi pang'ono. Limabwera chifukwa cha mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri, ya madzi oundana. Si tsoka, si malodza.

A ku Thyolo ndi Mulanje ali ndi chiperoni chawo m'miyezi yozizira, mtambo wotsika wa mvula yowaza umene unatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. A kunyanja, ku Nkhata Bay ndi Likoma, ali ndi mitambo ina imene si mitambo: nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zedi, tikukwera pamadzi ngati utsi wa moto wolusa.

Chachinayi: dzuwa musaliyang'ane

Apa ndikupemphani ndi mtima wonse. Dzuwa limaotcha m'kati mwa diso popanda kumva kuwawa, ndipo chilonda chake nthawi zina sichipola. Magalasi akuda a pamsika sateteza. Galasi lofukizidwa ndi mwaye, pepala la ekisileyi, madzi a m'beseni, zonsezi n'zosathandiza. Mabayinokula ndiye oopsa koposa. Zovomerezeka ndi magalasi opangidwira kadamsana okha, olembedwa ISO 12312-2, osang'ambika.

Njira yabwino ndi yoyang'ana pansi. Pa 21 Juni 2001, tsiku limene ku Lusaka kunada masana mwezi utaphimba dzuwa lonse, kwathu dzuwa linatsala kachidutswa ngati chikhadabo. Kuwala kunafooka, kamphepo kozizira kanadutsa. Chimene sindiiwala n'chimene chinali pansi pa mtengo wa mango: kuwala kodutsa m'mipata ya masamba, kumene masiku onse kumakhala timadontho tozungulira, kunasanduka timiyezi tating'ono mazanamazana, tonse topindikira mbali imodzi, tili mbwee pafumbi. Mungachite chimodzimodzi ndi lichero lakale la mipata, kapena katoni yoboola ndi singano: dzuwa kumsana, pepala loyera pansi, chithunzi cha dzuwa chigwere papepalapo. Sungani njirayi mpaka pa 25 Novembala 2030, pamene kadamsana wathunthu adzadutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, ife n'kuona mbali yake m'mawa.

Kadamsana wa mwezi alibe vuto, yang'anani mmene mungafunire. Amene anatuluka panja usiku wa pa 27 Julayi 2018 akukumbukira mwezi uli psuu ngati dothi la katondo, utakhala wonse mu mthunzi wa dziko ola limodzi ndi mphindi 43.

Chachisanu: musaphonye kachisisira

Kuno mdima suchedwa. Dzuwa likalowa, mumangokhala ndi theka la ola lokongola kwambiri, ndipo ambiri timalithera kukhitchini. Tsiku lina perekani mthiko kwa wina. Aliyense amayang'ana kumadzulo, inu tembenukirani kum'mawa. Mudzaona lamba wobiriwira moderako akukwera kuchoka pansi, pamwamba pake pali kufiira kozilala. Lamba ameneyo ndi mthunzi wa dziko lathu lomweli, ukugwera pampweya.

Chachisanu ndi chimodzi: tsatani mwezi mpaka ubwerere

Yambani tsiku limene mwezi wakhala, kachikhadabo kotsika kumadzulo, kamene abale athu Achisilamu amakadikira poyamba ndi pomaliza Ramadan. Masiku awiri atatu oyambawo onani bwino: mbali yakudayo ikuoneka pang'ono, motuwa. Kumeneko ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwagunda dziko lathu, n'kukagwera pamwezi, n'kubwereranso m'maso mwanu.

Tulukani nthawi imodzimodzi madzulo alionse, mujambule mmene ulili ndi pamene uli. Tsiku lililonse umakhala utasunthira kum'mawa nkhonya imodzi ndi pang'ono. Pakatha sabata uli theka, uli m'mwamba dzuwa likamalowa, ndipo umalowa pakati pa usiku. Pakatha masabata awiri ndi wathunthu, ukutuluka pamene dzuwa likulowa. Kuchoka apo umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, mpaka muziuona m'mawa ukuyera pathambo dzuwa litatuluka kale. Ulendo wonse ndi masiku 29 ndi theka. Asodzi a usipa amaudziwa ulendowu kuposa tonsefe, chifukwa nyali zawo zimakoka nsomba bwino mwezi ukakhala mumdima.

Ngati mwabwereka mabayinokula, musadikire mwezi wathunthu. Umathobwa m'maso ndipo umaoneka wosalala. Uyang'aneni uli theka, pamalire a kuwala ndi mdima, pamene mapiri ndi maenje ake ali ndi zithunzithunzi zazitali. Tsamiritsani zigongono pakhoma kuti manja asanjenjemere. Mawanga akuda aja, amene ena amati kalulu, ena mayi wosenza nkhuni, ndi zigwa za chiphalaphala chouma. M'chimodzi mwa zigwa zimenezo ndi mmene anthu anapondamo koyamba mu Julayi 1969, makilomita pafupifupi 384,000 kuchokera pamene mwaimapo.

Chachisanu ndi chiwiri: konzekerani mdima

Nyenyezi zimafuna usiku wopanda mwezi, ndiye sankhani sabata ya mwezi usanakhale. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Sepitembala ndi Okutobala thambo limatuwa ndi utsi wa tchire ndi fumbi. Dikirani chizimalupsa chitsuke mpweya, usiku wotsatira mudzadabwa. Valani juzi, yalani mkeka, mugone chagada kuti khosi lisatope. Unikani kaye pansi poopa njoka, ndipo dzitetezeni ku udzudzu.

Mukatero zimitsani tochi, foni muiike m'thumba. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana uthenga umodzi pafoni kumakubwezani poyambira. Ambiri amalephera apa: amatuluka mphindi zitatu, n'kunena kuti palibe chachilendo. Ngati mukufuna kulemba, kutani tochi ndi pepala la pulasitiki lofiira. A m'tauni, magetsi akazima usiku musangodandaula, tulukani panja. Amene mungakwanitse ulendo wa ku Nyika kapena kugombe lakutali ndi mababu, pitani mwezi uli mumdima.

Chachisanu ndi chitatu: gulu limodzi pa nthawi

Musafune kudziwa thambo lonse usiku umodzi. Gwirani gulu limodzi, mulidziwe mpaka muzilipeza osaganiza, kenako likutsogolereni kwa linzake.

M'nyengo yokolola yambani ndi Mtanda wa Kum'mwera. Pakati pa Meyi cha m'ma 9 koloko, kapena pakati pa Juni cha m'ma 7 koloko, yang'anani kum'mwera, nkhonya zinayi kapena zisanu kuchoka pansi. Mudzaona nyenyezi zinayi zopanga mtanda waung'ono woimirira, ndi kachisanu kozilala m'kati. Kumanzere kwake kuli nyenyezi ziwiri zowala kwambiri zoloza mtandawo. Samalani, chakumanja kuli mtanda wina wokulirapo, wozilala, wopanda ziwiri zolozazo. Umenewo wasokeretsa ambiri. Mwa ziwiri zija, yakutali ndi mtanda ndi Alpha Centauri, yapafupi nafe kuposa nyenyezi zonse zimene maso amaona usiku, komabe kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Kwa dzuwa kumangotenga mphindi 8.

Mtandawu ndi kampasi. Tsatani mzere wake wautali kuchoka kumutu kupyola kuphazi, muuwonjezere kanayi ndi theka. Pamene mwafikapo, tsikani molunjika pansi: kumeneko ndiye kum'mwera. Bwerani pakatha maola atatu, mudzapeza mtanda wapendekeka, koma malo aja sanasunthe. Thambo lonse likuzungulira pamenepo. Pambali pa phazi la mtanda pali chiwanga chakuda ngati thumba la makala. Si dzenje, ndi fumbi lochuluka limene latchinga nyenyezi za kuseri.

Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya Mlalang'amba. Madzulo umadutsa pamutu penipeni ngati msewu wa phulusa, ndipo pomwe wanenepa kwambiri ndiye pakati pa khamu lonse la nyenyezi limene dzuwa lathu lilimo. A kumpoto kwa dziko lapansi amauona pakatipo potsika, mufumbi. Ife tili nawo paliwombo. Pomwepo pali Chinkhanira, gulu limene limafananadi ndi dzina lake: mutu, nyenyezi yofiira yotchedwa Antares pamtima, ndi mchira wautali wopindika.

Mvula ikamayandikira, tembenukirani kum'mawa chakumpoto. Mu Okutobala cha m'ma 8 kapena 9 koloko, ndipo mu Novembala kukangoda, kumatuluka Nsangwe, kagulu kothinana ngati njere zogwera pamodzi. Werengani ndi ana: ambiri amaona zisanu ndi imodzi, a maso akuthwa zisanu ndi ziwiri, mabayinokula amaonetsa makumi angapo. Kutuluka kwake madzulo kumagwirizana ndi nthawi yomaliza kugalauza mizere. Pambuyo pake pamabwera Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana pamzere umodzi. Mayina amenewa ndi athu, ndipo ndimamva chisoni kuona mwana akudziwa dzina lachizungu lakuti Orion koma osadziwa kuti makolo ake anaona akamwini atatu akutsatana m'njira. Tsatani mzere wa atatuwo mbali imodzi, mufika kufupi ndi Nsangwe; mbali inayo mufika pa Sirius, yowala kuposa nyenyezi zonse za usiku. Kum'mwera kwa Sirius kuli Canopus, yachiwiri.

M'miyezi yomweyi, mitambo ikang'ambika mvula itakata, yang'anani kum'mwera. Kuli timitambo tiwiri totuwa tosasuntha ndi mphepo. Ndi makhamu ena a nyenyezi, kunja kwa Mlalang'amba wathu. Kuwala kwa kamtambo kakakuluko kunanyamuka zaka pafupifupi 160,000 zapitazo.

Nyenyezi zonse zimafulumira kutuluka ndi mphindi zinayi tsiku lililonse, maola awiri pa mwezi. Ndiye amene amadzuka m'bandakucha amaoneratu thambo la miyezi ya kutsogolo: Nsangwe mungaione kale kum'mawa kumapeto kwa Juni, tambala akulira.

Chachisanu ndi chinayi: zoyenda

Nyenyezi zimaphethira; mapulaneti amawala mokhazikika. Nthanda ya agogo ija ndi pulaneti ya Venus. Sitalikira dzuwa kupitirira madigiri 47, choncho pakati pa usiku simungaione. Imakhala miyezi ingapo m'bandakucha, n'kusowa, n'kudzaonekera kumadzulo dzuwa litalowa, ndipo ulendo wonse umatenga masiku 584. Nthano ina yakale imati mwezi uli ndi akazi awiri: Puikani wa kumadzulo amaudyetsa mpaka kunenepa, Chekechani wa kum'mawa amaumana mpaka kuwonda. Amene anapeka nthanoyi anayang'anitsitsa ndithu, pakuti mwezi umakuladi ukamachoka kumadzulo ndipo umatha ukamayandikira kum'mawa. Koma akazi awiriwo ndi mmodzi, Venus yomweyo.

Jupiter ndi yoyera, yowala kuposa Sirius. Ndi mabayinokula okhazikika bwino mudzaona timadontho mpaka tinayi pambali pake, pamzere. Ndi miyezi yake, imene Galileo anaiona mu 1610, ndipo mawa idzakhala itasinthana malo. Mars ndi yofiirira. Mphete za Saturn ndizo zimafuna telesikopu. Popeza mapulaneti sakhala malo amodzi, apa foni ingathandize: pulogalamu ngati Stellarium imakuuzani chili kuti. Ionereni m'nyumba musanatuluke.

Kadontho koyenda mwakachetechete, kosaphethira, madzulo kapena m'bandakucha, ndi setilaiti. Kowala kwambiri, kodutsa thambo m'mphindi zochepa, nthawi zambiri ndi International Space Station, makilomita pafupifupi 400 m'mwamba, muli anthu m'kati, ikuzungulira dziko mphindi 90 zilizonse. Mukaona madontho ambiri atandondozana ngati mikanda, ndi masetilaiti a Starlink ongoponyedwa kumene. Ndege imadziwika ndi magetsi ake othimathima.

Nyenyezi yothothoka si nyenyezi, ndiponso si mfiti. Ndi kamwala, kawirikawiri kosaposa njere ya mapira, kakupsa mumpweya. Kuti muone zambiri, dzukani cha m'ma 3 koloko m'mawa pa 5 kapena 6 Meyi, mugone moyang'ana kum'mawa. Timiyala ta usiku umenewo ndi zinyenyeswa za nyenyezi ya mchira ya Halley, imene inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. Usiku wa pa 13 ndi 14 Disembala zimagwa zambiri kuposa apo, mitambo ikalola.

Chakhumi: lembani, ndipo funsani

M'kope muja lembani tsiku, nthawi, mbali ndi chimene mwaona, ngakhale mzere umodzi: "12 Juni, 7 koloko, mtanda uli chilili pamwamba pa denga la khitchini." Chaka chamawa pa tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, mudzaupeza pomwepo. Mwana amene analemba yekha mzere umenewo mum'tume akatsimikize.

Tsamba lomaliza lisiyeni la mayina. Mukapita kumudzi, tulukani panja ndi agogo kapena msodzi wachikulire, muwalozere gulu limene mwaphunzira, mufunse kuti, "Agogo, izi kuno mumazitcha chiyani? Zikatuluka munkachita chiyani?" Ku Nsanje, ku Mchinji ndi ku Nkhotakota mayankho sadzafanana. Lembani dzinalo mmene alitchulira, mudzi wake, ndi mwezi umene akuti zimaoneka.